Masa Yokhakhala pa Tinta ya aZuze

Bwera nazo kuno zitini zakozo, Jowakimu, ndizione. Wagula zitatu zonse? Chabwino, khala pansi. Ana inu enanu musaleke kusankha nyembazo, kumvetsera sikufuna manja. Mbale wanuyu wapopetsa tinta shapa yake, minibasi ija, dzana, akufuna kuti mawa ikhale ikuwala pamsika, ndiye akundifunsa kuti ayambe ndi masa iti. Ndimuyankha. Koma yankho langa ndi lalitali ndipo muli maliro mkati mwake, choncho amene sakufuna kumva anyamule lichero lake akakhale kuseri kwa nkhokwe.

Masa ndi phala lopukutira galimoto ikapakidwa tinta, imene ena amati penti. Tinta ikangochoka m'pisitola yopopera sikhala yosalala ayi. Imakhala ngati khungu la lalanje, pena fumbi lagwerapo, pena yatsika misozi chifukwa dzanja la wopopera lidachedwa malo amodzi. Ndiye umayamba wasalaza ndi lisha ya madzi, sandipepa ija yofewa ya nambala doizi mili, zikwi ziwiri, mpaka galimoto yonse imachita mbuu, mwini wake akaiona amagwira kukamwa. Kenako masa ndiyo imabweza kuwala. Tsegula chitini icho, utape ndi chala, utikite. Ukumva ngati mchenga wa kumtsinje? Imeneyo ndi gulosa, yokhakhala, imadya tinta msanga. Inayo ndi yapakati. Yachitatuyo, yoterera ngati mafuta odzola, ndi fina. Zonsezi ntchito yake ndi kudya basi. Palibe masa imene imawonjezera kanthu pa galimoto, ndipo chimene yadya sichibwereranso.

Zimenezi adandiphunzitsa ndi akulu anga aZuze. Inu simudawaone, kupatula Sesiliya amene adamunyamulapo ali khanda, nawanyowetsa buluku la kutchalitchi. Usabise nkhope, aliyense adayamba choncho. AZuze adali munthu wamtali, wosalankhulalankhula, ine ndiye ndidatenga pakamwa pa banja lonse. Nkhondo itafika kuno tidathawira ku Malawi, mbali ya ku Ntcheu, wapansi. Amayi adamanga mbatata zootcha m'kansalu, atate adasenza chitseko cha nyumba pamutu, ati nyumba tikamanga ina koma chitseko chabwino sitikachipeza. Inu masiku ano mukapita ku Furankungo panjinga yamoto mumabwera mukudandaula msana. Ife tidayenda masiku atatu, ndipo palibe adafunsa za msana.

Kumeneko aZuze adapeza ganyu pa ofisina ina yokonza magalimoto, ndipo patapita miyezi adandikokera inenso. Iwo adagwira pisitola, ine ndidagwira nsanza. Makina opukutira padalibe. Tinkatenga malaya akutha, n'kutapa masa yofiira ngati katondo, n'kumapukuta ndi manja kuchokera m'mawa mpaka mapewa kuchita dzanzi. Pomaliza tinkawaza ufa woyera wosefa bwino n'kupukuta ndi nsalu youma, galimoto n'kuchita phuliphuli. Musaseke, ufa womwewu. Tinta ya nthawi imeneyo idali yochindikala, yokhululuka. Ukapukuta galimoto yofiira, nsanza inkafiira, manja ankafiira, koma tinta inkatsalabe yambiri. Ya masiku ano amayamba ndi mtundu, pamwamba n'kuika verenizi yoonekera, yopyapyala ngati khoko la anyezi. Kuwala konse kuli m'kakhoko kameneko, ndipo ukakaboola palibe masa ingakupulumutse.

Mtendere utabwera tidabwerera kuno ku Tsangano, tidalima zaka ziwiri, koma manja adali atazolowera zina. Tidatsikira ku Tete, m'tauni, komwe tidakhala zaka zambiri tikugwira ntchito limodzi. Ku Tete mukukudziwa kutentha kwake, mbuzi imathawira pansi pa galimoto. Kumeneko tinta imakhwima msanga. Ukapopera Lolemba, pofika Lachitatu wayamba kupukuta. Manja anga adaphunzira masiku a ku Tete, ndipo ndidafika pokhulupirira kuti tinta yonse padziko imayenda choncho.

AZuze adali ndi malamulo awo. Asanalole kuti ndikhudze galimoto, ankagwada n'kukanikiza chikhadabo pansi pa chitseko, pamalo posaoneka. Chikasiya chizindikiro, ankati sinakwane. Ankanunkhizanso, ati tinta imene ikununkhabe mankhwala osungunulira ndiye kuti mkati mwake ndi yaiwisi, ngakhale pamwamba pauma. Lamulo lachitatu lidali la masa. Ankati uyese kaye fina pa kamalo kofanana ndi chikhatho. Ikakanika kuchotsa zikande za lisha, utenge yapakati. Gulosa uiitane pomaliza, ngati mmene umaitanira apolisi pa mlandu wa m'banja. Jowakimu, yankho lako ndi limenelo, ukhoza kulisunga. Ndipo phula lija lowalitsa usapake pa tinta yatsopano, imafunika ipume kaye.

Ine malamulowo ndinkawadziwa, koma mtima wanga udali pa gulosa. Titagula makina, okhala ndi chisoti cha ubweya wa nkhosa kutsogolo, ndidasanduka katswiri. Galimoto imene ena ankaipukuta masiku awiri ine ndinkaimaliza dzuwa lisanapendeke, ndipo sindidaboolepo ngakhale imodzi. Anzanga ankandiyamikira, ine n'kumafufuma. AZuze ankangoti, “Ntonyo, dzuwa la kuno ndi limene likukubisira manyazi.” Ndinkaseka.

Iwo ankapopera atangomanga kansalu konyowa pamphuno. Akamaliza ankamwa mkaka, poti anthu ankati umatsuka m'chifuwa. Suthandiza, ana inu. Uzani aliyense amene amagwira pisitola kuti avale chophimba chenicheni, ngakhale anzake amuseke. Chifuwa chidawayamba pang'onopang'ono, chouma, cha m'mawa. Patapita zaka chidafika poti sankatha kukwera kamtunda osaima kawiri. Kuchipatala adawasunga milungu ingapo, kenako adatiuza mwaulemu kuti ndi bwino akapume kumudzi. Tonse tidamva tanthauzo lake.

Tsopano padali karinya yathu, galimoto yaing'ono yonyamula katundu kumbuyo. Zaka zonsezo tidawalitsa magalimoto a anthu ena, ife n'kumakwera shapa. Ulendo wina tikuchokera kwa amalume ku Chidzolomondo tidaona chigoba cha karinya kuseri kwa chigafa cha fodya ku Furankungo, nkhuku zikuikira mazira pampando. AZuze adachizungulira kawiri n'kunena kuti mafupa ake ndi abwino. Tidachikokera kuno ndi thirakitala, ndipo nthawi iliyonse tikabwera kumudzi tinkachikonza pang'ono, chaka chino injini, chaka china mabuleki, chaka china kuwongola malata. Pamene aZuze ankabwera kudzagona kumudzi kuno, karinya idali itayamba kuyenda, yongotsala tinta.

Udali mwezi wa Juni, ndipo Juni wa kuno simufuna kuuzidwa. Nkhungu inkakhala pamapiri mpaka masana, zovala pachingwe masiku atatu osauma. AZuze adati aipaka okha. Alamu anga aNaphiri, akazi awo, adakana, koma kukana kwawo kudapita pachabe. Tidamanga chisakasa cha mapulasitiki pomwe pali khola la nkhumbapo, tidathira madzi pansi kuti fumbi lisauluke, tidabwereka jeradori ya magetsi. Mtundu adasankha buluu wakuda, umene opukuta amauopa chifukwa subisa kanthu, kachikande kalikonse kamaonekera patali. Lolemba m'mawa adapopera, akumapuma pampando pakati pa ntchito. Ndaona tinta zambiri pa moyo wanga, koma yogona bwino ngati imene ija sindidaionenso. Atamaliza tidawagwirira mpaka pamphasa, ndipo kuchokera tsiku limenelo sadadzukenso okha.

Madzulo ake adandiitana. Adati, “Ntonyo, yanga ndamaliza, yatsala yako. Ndikufuna mudzandinyamule ndidzadzione nkhope m'chitseko cha galimoto yanga. Sindikupempha china.”

Ndidati, “Mudzadziona, akulu.”

Lachitatu ndidakanikiza chikhadabo pansi pa chitseko, chidalowa. Lachisanu ndidayesanso, chidasiyabe chizindikiro, ndipo fungo la mankhwala lidali likumvekabe. Ndidapita kukawauza. Adati, “Kuno si ku Tete. Dzuwa likatuluka uziikankhira panja. Udikire mpaka Lachisanu linalo, ndipo uyambe ndi fina.” Sabata yathunthu, ana inu. Tsiku lomwelo masana adatsokomola magazi ambiri, oposa masiku onse. Alamu adanditsatira kuseri kwa khitchini, beseni lili m'manja, adati, “Alamu, anthuwa sindikudziwa ngati afika sabata ya mawa.” Sadanene kuti ndichite kanthu. Ankangotula nkhawa kwa mlamu wawo, cholakwa alibe.

Ndidachita mantha, ndipo ndikunena poyera. Ndidaona akulu anga akuikidwa m'manda galimoto idakali mbuu m'chisakasa, chinthu chimodzi chimene adandipempha ndisanachite. Koma kudalinso kudzitama, sindingakubisireni. Mumtima ndinkati, ine amene sindidaboolepo galimoto, ndingalephere iyi? Paja amati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Ndidawerenga kuti ndi fina ntchitoyo itenga masiku atatu kapena anayi, pamene ndi gulosa ndi chisoti cha ubweya ndimaliza tsiku limodzi, Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi tiwanyamule akadzione.

Loweruka m'mawa ndidayamba ndi lisha. Tinta idandichenjeza pomwepo. Ikakhala yokhwima imachoka ngati madzi a mpunga, koma iyi inkapanga timibulu tomata pa lisha. Ndidatsuka lisha n'kupitiriza. Kenako ndidaliza jeradori, ndidatapa gulosa, osayesa ngakhale pa kamalo kamodzi. Ndidayamba pamwamba, ndidatsikira pa boneti, ndidazungulira mbali ya wokwera. M'chisakasa mudali kamdima, ndipo mafuta a masa ankandinamiza kuti zikuwala. Chitseko cha woyendetsa ndidachisiya komalizira kuti ndichipatse ulemu. Nditafika pamzere wopindika wa pakati pa chitseko, makina adalemera m'manja, kulira kwake kudatsika. Tinta idatentha, idachita makwinya ngati pamwamba pa phala lozizira, kenako idang'ambika. Padaoneka tinta yotuwa yapansi, malo aakulu ngati chikhatho changa.

Ndidazimitsa makina. Ndidakankhira karinya panja, ndidaitsuka ndi madzi, ndipo ndi pamene ndidaona zonse. Sichidali chitseko chokha. Paliponse pamene ndidadutsa padali mizere yozungulira, yakuya, yofika pa mtundu. Mchenga wa gulosa udali utalima verenizi yaiwisi ija. Ndidakhala pansi pamatope.

Alamu adabwera, adayang'ana galimoto, adayang'ana ine. Adati, “Akukuitanani.”

Ndidalowa. AZuze adali atagona chagada, maso ali kudenga. Adafunsa, “Chitseko chiti?”

“Cha woyendetsa.”

“Ndamva makina akulemera. Watenga gulosa.”

“Eya, akulu.”

“Chifukwa chiyani?”

Ndidaweramitsa mutu. Adatembenuka n'kundiyang'ana nthawi yaitali, kenako adati, “Wandiwerengera masiku, mng'ono wanga. Waganiza kuti sindifika Lachisanu.”

Bwenzi atanditukwana, zikadandipepukira. Ndidagwada pamphasapo n'kunena kuti pepani, ndipo ndidalira ngati mwana, ine bambo wa ana asanu. Iwo adangoika dzanja pamutu panga. Atapuma adati, “Pronto, basi, zachitika. Kasalaze bwinobwino, uphimbe magalasi. Tinta yatsala m'chitini.”

Ndidati ndipita ku Ulongwe ndikatenge wopopera wina. Adakana, ati dzanja la munthu wina lidzaonekera pa buluu ameneyu. Ndidati ndiyesa ndekha. Adaseka pang'ono mpaka chifuwa chidawadula, poti ankadziwa kuti ine ndikagwira pisitola tinta imatsika misozi. Alamu adagwada pakhomo, adawachonderera kuti galimotoyo ikhale choncho, idzanyamulabe mbatata ngakhale ili ndi zipsera. AZuze adati, “Naphiri, sindingasiye ntchito yanga ikuoneka chonchi. Anthu adzati Zuze adafa atayiwala kupaka.”

Lachiwiri tidawanyamula pampando ine ndi msuweni wathu. Adaimirira atagwira pisitola, ine ndili kumbuyo ndawagwira lamba kuti asagwe. Ndinkamva nthiti zawo zikukoka mpweya pachifuwa panga, utsi wa tinta uli tolo m'chisakasa monse. Dzanja lawo lokha lidayenda mowongoka ngati kale. Adabwezera mtundu pachitseko, adaphimba verenizi galimoto yonse, ntchito ya ola lathunthu. Titawabwezera m'nyumba adatsokomola mpaka milomo idada. Alamu sadandilankhule tsiku limenelo, ngakhale lotsatira, ndipo ndidaona kuti akuchita bwino. Ndine ndidawabwezera mu utsi umene udawadwalitsa. Ngati ola limenelo lidadula masiku awo, sindidziwa, ndipo palibe angandiuze. Ndimaganiza za ola limenelo kawirikawiri.

Tsopano kudikira kudayambiranso pachiyambi, masiku khumi ndi kuposerapo. Ndinkakankhira karinya panja dzuwa likangosuzumira, n'kuibweza nkhungu ikamatsika. Sindinkaikhudza. Ndinkakhala nawo m'nyumba, kuwatembenuza, kuwamwetsa madzi, ndipo tinkakamba za chitseko cha atate chija ndi za anthu a ku Ntcheu amene adatisunga. Za galimoto sitinkatchula.

Lachisanu lidafika, lija adanena iwo. Kudacha bwino, kopanda nkhungu, mapiri onse akuoneka mpaka ku Malawi. AZuze adadzuka ali ndi mphamvu zodabwitsa. Adapempha phala la nsinjiro, adamaliza mbale yonse, adati tiwatulutse akaothere dzuwa. Tidawakhazika pakhonde atafunda bulangeti, karinya ili poteropo, yosapukuta. Adaiyang'ana, kenako adati, “Ntonyo, pansi pa chitseko paja sitidabwerezepo. Padakali tinta yoyamba ija. Takanikiza.”

Sindinkafuna, koma ndidapita. Ndidagwada, ndidakanikiza chikhadabo ndi mphamvu zanga zonse. Padali gwa ngati botolo.

“Yakhwima?”

“Yakhwima, akulu.”

Adagwedeza mutu. Adakhala padzuwapo mpaka masana, akucheza ndi anthu odutsa, akuseka ndi ana. Loweruka adatulukanso, Lamulungu adatulukanso, a mpingo adabwera kudzawaimbira pakhonde pomwepo. Lolemba nalonso adali nalo. Masiku anayi athunthu, ana inu, ndipo fina ikadandikwanira atatu. Adamwalira Lachiwiri m'mawa, alamu atawagwira dzanja. Tsiku limenelo tinta yachiwiri idali ikulowabe chikhadabo.

Ena adati karinyayo inyamule bokosi kupita kumanda. Alamu adakana, adati mwini wake sakadalola kuti ituluke isanathe, ndipo tidawanyamula pamapewa. Maliro atatha, anthu atabalalika, ndidadikira milungu ina iwiri ngakhale tinta idali itakhwima kale. Kenako ndidatenga lisha, ndidatenga fina, ndidayesa pa kamalo kofanana ndi chikhatho. Idakwana. Yapakati ndidaifuna malo awiri okha pa boneti, gulosa sindidaitsegule n'komwe. Ndidapukuta masiku atatu, pang'onopang'ono, m'mbali mopindika ndi manja. Alamu ankandibweretsera tiyi n'kuika pamwala n'kubwerera, koma tsiku lachitatu adakhala pomwepo n'kumaonerera.

Chitseko cha woyendetsa ndidachimaliza dzuwa litapendeka. Nditachotsa nsalu mudaoneka zonse, nyumba, mtengo wa mapichesi, mpando wawo uli pakhonde, ndi nkhope yanga. Alamu adaimirira, adabwera pafupi, adayang'ana m'chitsekomo kanthawi. Adati, “Akadasangalala.” Ndidati eya. Masiku adali nawo okwanira, ana inu. Amene adalephera kudikira ndine.